Anati samudziwa mwana wanga

Tsiku limenelo kunkawomba mphepo yozizira yochokera kumtsinje, ndipo kunkagwa kamvula kowaza, kaja kamene sikanyowetsa munthu msanga koma kamalowa m'mafupa. Ndinakhala pafupi ndi windo la fulati yanga ku Thamesmead. Mbalame zoyera za kumadzi zinkakanganirana zakudya pa mabini, basi inaima pa siteji ya pansi pathu injini ikulira, ndipo ndege zinkatsika kulowera kubwalo la kutsidya kwa mtsinje. M'khitchini wailesi inali yotsegula. Chimwalirireni mkazi wanga sindiitseka, kuti m'nyumba muzimveka mawu a munthu. Inkanena kuti dziko lina lakutali layesa mzinga wotha kuphulitsa mzinga unzake uli m'mwamba, usanagwere anthu, ndipo dziko loyandikana nalo lati umenewo ndi mtopola, nalonso silikhala chete.

Nkhaniyo ndikanaiiwala tsiku lomwelo pakanapanda mwana wanga kufika masana ake. Ndi wamkazi, ndipo ndi yekhayo amene Mulungu anatipatsa. Anabadwira kuno, anaphunzira za uinjiniya. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingelezi, choncho mawu ake amene ndilembe pano ndawaika m'Chichewa ndine.

Analowa tsitsi litanyowa, osavula ndi jekete yomwe.

"Adadi, andisankha," anatero.

Anandifotokozera kuti kampani ina yamutenga kuti akagwire ntchito pa makina a rada. Makinawo amayang'ana kumwamba usana ndi usiku, amaona mzinga ukadali kutali, n'kuuza mzinga woutsekereza malo okakumana nawo. Gulu limene ankalowamo linali kukonzekera kupita kuzilumba za kumpoto kukayesa zimenezo panyanja.

"Ndiye ukukawombera ndani?" ndinamufunsa.

"Palibe, Adadi. Ife ntchito yathu ndi yotchinga."

Ndinaloza kukhitchini. "Awo akuti kutchinga kwa mnzawo ndi mtopola."

Anaseka. "Amatero onse. Mawa ayesa zawo, ndiye odandaula adzakhala awa."

Mtima wanga sunakhazikike nayo ntchitoyo. Ndine munthu wa mpingo, ndipo mawu akuti mzinga sakoma m'kamwa mwanga. Koma ndinayang'ana nkhope yake. Chiikireni maliro a mayi ake ndinali ndisanaione ikuwala chonchi. Ndinamugwira dzanja, tinapemphera, ndipo ndinamuikira madzi a tiyi.

Panali chinthu chimodzi chotsala. Ntchito zotere munthu sayamba boma lisanamufufuze. Ankafunika kutchula anthu omudziwa kuyambira kale, amene si abale ake, kuti munthu wa boma akacheze nawo. Mwana sanaganize kawiri. Anatchula aphunzitsi ndi akazi awo a ku Croydon.

Aphunzitsi ndi dzina limene tonse timawaitanira, chifukwa kwathu ankaphunzitsa kusekondale asanathawe m'nthawi ya chipani chimodzi. Akazi awo anali anamwino. Ine nditafika kuno ndili mnyamata, kutsatira amalume anga amene nawonso anathawa, anandilandira ndi iwowa. Ndimawatcha achimwene ngakhale sitili pachibale. Ndiwo anamuimira mwana wanga pa ubatizo. Ine ndi mkazi wanga tikakhala kuntchito, mwana ankagona kwawo, ndipo mayi aja ndi amene anamuphunzitsa kuluka tsitsi. Mkazi wanga akudwala, mayiwo ankabwera kudzamusambitsa. Mwana anawaimbira foni ndili pomwepo, n'kuwauza kuti wapeza ntchito yokhudza chitetezo ndipo kubwera munthu kudzafunsa za iye. Ndinamva mawu a mayi aja pafoni akuti, "Ndi zabwino, mwana wathu, abwere."

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero, tinakhala mu holo kumwa tiyi monga mwa nthawi zonse. Azibambo anayamba ya mizinga ija. Wina anati dziko lililonse lili ndi ufulu wotchinga denga lake. Aphunzitsi anagwedeza mutu.

"Munthu akagula chishango, mnansi wake sagona," anatero. "Amadzifunsa kuti, mnzangayu akukonzekera chiyani? Ndiye amanola mkondo. Winayo akaona mkondo wanoledwa, amati mwaona, ndinanena. Ndipo pali ana a anthu, ophunzira bwino, amene amadzuka m'mawa uliwonse kukagwira ntchito imeneyo."

Ponena mawu omalizawo anandiyang'ana. Kapena ndine ndinaganiza kuti andiyang'ana. Mwana anali asanawauze za mizinga, ngakhalenso ine. Ndinamwa tiyi wanga.

Patapita masabata angapo mwana anabweranso. Ulendo uno anavula jekete, n'kuipinda bwinobwino, n'kukhala pampando wa mayi ake. Anati a boma anamuitana kachiwiri. Mayi wa boma amene ankafufuza anamufunsa chifukwa chake anatchula anthu amene akuti samudziwa. Aphunzitsi ndi akazi awo anamuuza mayiyo kuti mtsikanayo amangomuona patali kutchalitchi, kuti bambo ake sawadziwa bwino, ndipo kumene amakhala sakudziwa.

Sanalire. Anayang'ana pansi, kenako ananena m'Chichewa, chinthu chimene sachitachita.

"Akuti sandidziwa."

Kufufuza kunayenera kuyambiranso, ndipo tsopano ndi diso lina, pakuti munthu amene mboni zake zamukana amaoneka ngati ali ndi chobisa. Mwana anatchula anthu ena, mphunzitsi wake wa kuyunivesite ndi mayi wina woyandikana nafe. Akampani anati amudikira pang'ono, koma tsiku lopita kumpoto silingasinthe chifukwa cha munthu mmodzi.

Ine sindifulumira kuweruza. Mkazi wanga ankati ndimachedwa ngati basi ya Lamulungu. Ndinakhala ndi nkhaniyo masiku ambiri, kuitembenuza uku ndi uku. Poyamba ndinati ndi ukalamba, mwina anasokonezeka. Koma anthu awiri sasokonezeka mofanana tsiku limodzi, ndipo aphunzitsi amakumbukira mpaka nyimbo imene tinaimba pa ukwati wanga.

Ndinaganizanso za lamulo lathu lakale. M'masiku aja kunkabwera anthu otumidwa kuchokera kwathu. Ankafika pa maukwati ndi pa maliro athu atavala masuti, n'kumafunsa mwaulemu kuti uje amakhala kuti, amacheza ndi yani, amati chiyani akamwa. Mawu onenedwa ku London ankamangitsa m'bale wako kumudzi. Choncho tinali ndi lamulo limene palibe analilemba: mlendo akafunsa za mnzako, sumudziwa. Ngakhale akhale amene wadya naye dzulo, sumudziwa. Ana athu sitinawaphunzitse zimenezi, tinkafuna akule opanda mantha amenewo. Koma ndinati ayi, nthawi imeneyo inatha kalekale, tonse tapitako kwathu n'kubwerako bwinobwino, ndiponso mwana anawaimbira foni n'kuwauziratu.

Ndiye ndinatsala ndi mawu a mu holo aja. Ndinayamba kuganiza kuti aphunzitsi anadziwa za mizinga, kaya anamva kwa yani, ndipo anaona kuti njira yoletsera mwana ndi imeneyi. Ganizo limenelo linandiwawa kuposa ena onse, chifukwa linkamveka.

Kutchalitchi zinthu zinasintha. Ankandipatsa moni, koma wa m'mphepete mwa milomo. Mayi aja ankayang'ana m'buku la nyimbo ndikamadutsa. Foni ya Loweruka lililonse, imene aphunzitsi ankandiimbira chimwalirireni mkazi wanga, inasiya kulira. Tsiku lina ndinalowa mu holo ndi kapu m'manja, ndipo patebulo pawo nkhani inaduka. Bambo wina wa ku Wembley, wobadwira ku Zimbabwe, amene timaseka naye nthawi zonse, anayamba kundiuza za nyengo. Ndinadabwa. Wolakwiridwa ndinali ine, koma ankandiyang'ana ngati ndine ndabwera ndi njoka m'thumba.

Tsiku la Mgonero sindinapite kutsogolo. Tinaphunzitsidwa kuti munthu sayandikira gome ali ndi chakukhosi. Ndinakhala pabenchi, ndipo nditakweza maso ndinaona kuti aphunzitsi nawonso sanadzuke.

Wailesi inapitiriza ndi mayiko awiri aja. Lachiwiri linayesa mzinga watsopano umene linati palibe chingautchinge. Loyamba linati liwonjezera zotchingira. Lililonse linkati likungodziteteza. Ndinkamvetsera ndikutsuka mbale, osadziwa chopempherera. Ndinkafuna mwana aipeze ntchito ija chifukwa anaifuna ndi mtima wonse. Koma masiku ena ndinkadzipeza ndikuganiza kuti mwina aphunzitsi achita zimene ine ndinalibe mtima wochita, ndipo ganizo limenelo linkandikwiyitsa nawo kwambiri.

Kenako mwana anaimba foni m'mawa wina ali kuntchito yake yakale. Akampani anali atapereka malo aja kwa munthu wina. Gulu linali litanyamuka.

"Basi, Adadi, zatha," anatero. "Aphunzitsi musawauze chilichonse. Sindikufuna pepani wawo."

Tsiku lomwelo ndinavala jasi langa, ndinakwera basi, kenako sitima, kenako tiramu, kasitima koyenda mumsewu, mpaka ku Croydon. Ndinafika dzuwa likadalipo. Ndinagogoda, ndipo chitseko chinatseguka pang'ono, tcheni chili chokola. Mayi aja anandiyang'ana pampata kwa kanthawi asanachotse tcheni.

"Lowani, alamu."

Aphunzitsi anali pampando wawo, bulangete pamiyendo. Tinapatsana moni wonse, wa thupi, wa miyendo yawo, wa kunyumba. Za mwana sanafunse. Mayi anabweretsa tiyi. Ndinadikira mpaka atakhala pansi.

"Achimwene, ndabwera ndi funso limodzi."

"Funsani."

"Mwana amene munamunyamula pa ubatizo uja, mukumudziwa?"

Mayi anaika kapu patebulo. Aphunzitsi anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi bulangete.

"Mayi uja anabwera ndi chikwama chake," anayamba. "Waulemu, womwetulira. Aja akale nawonso ankamwetulira, mukukumbukira. Anakhala pamene mwakhalapo. Ife tinkayembekeza kuti atifunsa ngati mwana ndi wolimbikira, ngati amafika nthawi yake. Iye anati ayambe watiuza zimene afunse. Ngati mwana amamwa. Amuna amene amayenda nawo. Anzake ochokera kumayiko ena. Akapita kwathu amakaonana ndi yani. Kenako anati afunsanso za bambo ake, mmene anabwerera kuno, ndi ngati ankachita nawo ndale. Atangotchula inu ndi ndale, ndinayang'ana amayiwa, iwo anandiyang'ana. Sitinapangane."

"Koma mwana anakuuzani kuti ndi za ntchito."

"Ntchito yanji yofunsa za bambo ake a munthu? Ine ndaimirapo ana ambiri pa ntchito kuno. Palibe anandifunsapo za ndale za makolo awo."

"Ndi ntchito ya mizinga, achimwene. Makina oona mizinga."

Sanadabwe. Anabweza magalasi kumaso. "Ndinaganiza choncho."

"Ndiye ndifunse mosabisa. Munamukana chifukwa ntchitoyo simukuifuna?"

"Sindikuifuna, zimenezo n'zoona. Koma ndikanamuitana, n'kumukhazika apa, n'kumuuza pamaso. Ndi mwana wanga. Sindikanamudzera kuseri ngati mfiti."

Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Munthu amene waphunzira kusadziwa mnzake mlendo akafunsa, nkhope yake siwerengeka mosavuta. Sindinathe kuona ngati akunena zonse.

"Auzeni zonse, bambo," anatero mayi aja.

Kenako mayi anapitiriza okha, maso ali pa manja awo.

"Tinakukayikirani, alamu. Ndinene ine, popeza awa akuchita manyazi. Masiku aja panali wina pakati pathu amene ankapereka nkhani. Mpaka lero sitimudziwa. Mlongo wanga anamutenga kunyumba kwake chifukwa cha mawu amene ine ndinanena patebulo, m'nyumba ya amalume anu, pa anthu ochepa. Anatuluka m'ndende wopanda mano, ndipo sanakhalitse. Inu munalipo tsiku limenelo."

"Ndinalipo."

"Ndiye mwana wanu atapeza ntchito ya chinsinsi, munthu wa boma n'kulowa m'nyumba mwathu ndi mafunso amene aja, tinati, kodi khomo limeneli analitsegula ndani? Tinati, mwina anthu awa akhala akudziwana ndi maboma kuyambira kale."

"Linalo linali boma lakwathu, mayi. Ili ndi lakuno."

"Maboma amadziwana," anatero aphunzitsi. "Ine ndinaganiza chonchi, achimwene. Ngati muli oyera, kusakudziwani kukutetezani inu ndi mwana. Ngati simuli oyera, kutiteteza ife. Ndinaona kuti palibe chimene chingaonongeke."

Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndadya m'nyumba imeneyo, za tsiku limene aphunzitsi anagwira ngodya ya bokosi la mkazi wanga. Ndinafuna kudziwa ngati ngakhale pamenepo ankandiyang'ana ndi diso limenelo.

"Mkazi wanga analiponso patebulo paja," ndinatero. "Tinali tisanakwatirane. Nayenso munkamukayikira pamene munkamusambitsa?"

Mayi anaphimba nkhope ndi chitenje cha paphewa.

"Si ine," ndinatero. "Umboni ndilibe, ndipo sindidzakhala nawo. Koma si ine."

"Tamva," anatero aphunzitsi.

Sananene kuti akhulupirira. Anati amva.

Pamenepo ndinawauza zimene mwana anandiletsa kunena, kuti ntchito yapita, malo apatsidwa kwa wina, ndipo mwana watsala ndi dzina lokayikitsa kwa a boma. Zimenezi sankazidziwa. Ankaganiza kuti mayi uja akabwerera wopanda kanthu, nkhani ithera pomwepo ndipo mwana ayamba ntchito, monga aja akale ankabwerera opanda kanthu ife n'kupitiriza moyo wathu.

Aphunzitsi anachotsa bulangete n'kuimirira, akugwira mpando.

"Mayi, nditengereni suti. Ndipita konko ndikawauze kuti ndinanama. Ndikawauza kuti mwana ameneyu ndinamusintha matewera."

"Matewera ndinkasintha ndine," anatero mayi ali m'chitenje. "Inu munkathawira kukawerenga nyuzipepala."

"Khalani pansi, achimwene," ndinatero. "Mwana anafunsa kale zimenezo. Akuti mboni yobwera kudzanena kuti inanama imaonjezera mafunso. Ndipo gulu lapita."

Anaima choncho kanthawi. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu wotsika m'madzi ozizira. Ndinaona kuti akalamba kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira.

"Ndiye tamuononga," anatero.

Sindinawatsutse. Ndinamaliza tiyi wanga, pakuti kusiya kapu yodzaza m'nyumba ya munthu ndi mawu ena amene sindinafune kunena. Mayi anandiperekeza mpaka pakhomo. Anandigwira mkono wa jasi, kenako anausiya.

Mwana ndinamufotokozera zonse Loweruka lake. Ndinamuuza za amasuti, za lamulo lija, za mlongo wa mayi aja. Zambiri ankazimva koyamba. Anamvetsera atapinda manja.

"Bwanji simunandiuzepo?"

"Tinkafuna ukule ukudziwa kuti munthu akafunsa za mnzako, umayankha."

"Ndiye anandikana pofuna kunditeteza, komanso poganiza kuti inu ndinu kazitape. Zonse ziwiri."

"Zonse ziwiri."

"Ndipo mukukhulupirira kuti mizinga sinalowemo?"

"Sindikudziwa, mwana wanga."

Anandiyang'ana ndi maso a mayi ake. "Muwakhululukira, eti? Ndikukudziwani."

Ndinamuuza kuti zimenezonso sindikudziwa, ndipo ndinkanena zoona.

Iye sanapitekonso ku Croydon. Akadali pa ntchito yake yakale, ndipo nkhani za kuyesa mizinga zikayamba pa wailesi ali kwathu, amadzuka n'kukaitseka. Akuti kufufuza kuja kudzatha tsiku lina, ndipo mwina kudzapezeka malo ena. Sindimukakamiza za aphunzitsi. Bala ndi lake, ndipo ali ndi ufulu wolisunga mpaka atatopa nalo.

Ine ndinakhala nayo nkhaniyo nyengo yonse yozizira. Ndinaona kuti ngati ndidikira mpaka nditadziwa zonse za mumtima mwa aphunzitsi, mmodzi wa ife adzaikidwa m'manda ndikudikirabe. Mpaka lero sindidziwa ngati kudana kwawo ndi mizinga kunawathandiza kutseka pakamwa tsiku lija. Sindidziwanso ngati anasiya kundikayikira. Mwina mayi aja akandiona amakumbukirabe tebulo la amalume anga, n'kumawerenga amene anakhalapo. Amene anapereka mlongo wawo sanapezeke, ndipo ambiri a ife amene tinalipo anamwalira.

Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu awiri okalamba anaona mlendo ali ndi chikwama m'nyumba mwawo, ndipo anachita zimene zinatisunga amoyo tili achinyamata. Mwana wanga ndiye anapwetekeka nazo. Zimenezo sindinazichepetse, ndipo iwo sanandipemphe kuti ndizichepetse.

Lamulungu lina kuzizira kutatha, mayi aja anafika mochedwa, akukoka aphunzitsi pamkono. Malo awo a nthawi zonse anali atakhalapo alendo. Anaima m'kanjira akuyang'ana uku ndi uku, ndipo pabenchi panga panali malo pamene ndinaika jasi. Ndinalichotsa n'kuliika pamiyendo. Anakhala pansi, aphunzitsi kumbali kwanga, ndipo popeza anaiwala magalasi, ndinawapezera tsamba la nyimbo ngakhale ankaidziwa pamtima.

Ndinawakhululukira.